Bokosi la vinyo lafika mu Okutobala: Bambo, dikirani mwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota, mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wawo wamkazi wabwera kutchuthi kuchokera ku London ndipo wawatengera bokosi lopangira vinyo wofiira, lija amalitcha kit, lotulutsa malita 23. Atatsegula apezamo thumba la madzi a mphesa onga manyuchi ndi timapaketi tating'ono tokhala ndi manambala. Funso lawo ndi ili: “Ndiyambe lero? Ndili ndi chigubu chomwe munali mafuta ophikira. Malemu amayi anga ankafulula masese, ndiye ndikuona ngati zimenezi si zachilendo.”

Bambo, pepani, musayambe lero. Chigubucho tikambirana, koma vuto lanu lalikulu lili pa kalendala.

Mabokosi amenewa amapangidwa kwambiri ku Canada ndi ku UK, ndipo amene analemba kapepala ka malangizo kali m'katimo nkhawa yake inali kuzizira. Amafuna kuti vinyo awire pa madigiri apakati pa 18 ndi 25 kapena chapompo. Ndiye taganizani nyumba ya malata kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana kumapitirira madigiri 30 ndipo usiku munthu amagona pamkeka pakhonde. Onjezani kuti yisiti ikamadya shuga nayonso imatulutsa kutentha, moti m'kati mwa ndowa mumatentha kuposa m'chipindamo. Yisiti yomwe imapezeka m'mabokosi ambiri ndi Lalvin EC-1118, yolimba ndithu, koma nayo malire ake ndi madigiri 30.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ulendo wanga woyamba ndinayamba mu Novembala kuno ku Salima, ndowa ndinaiika m'sitolo moyandikana ndi khitchini. Inawira ngati mphika wa nyemba, thovu mpaka pansi, ndipo ndinasangalala kuti zikuyenda. Tsiku lachinayi zii. Ndinati watha, ndinathira m'mabotolo. Fungo lake linali ngati la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, koma ndinadzinamiza kuti lidzatha. Chomwe chinachitika n'chakuti yisiti inangokomoka ndi kutentha shuga asanathe. Mvula yoyamba itagwa, kunja kutazizirirako, inadzuka n'kuyambanso ntchito m'mabotolo otseka. Usiku wina awiri anaphulika, mayi a kunyumba anadzuka akukuwa kuti kwabwera akuba. Mpaka lero nkhaniyi imatuluka pa chinkhoswe chilichonse cha kubanja kwathu.

Choncho yang'anani deti lomwe lalembedwa pabokosi. Ngati likufika mu Juni, ikani bokosilo pansi pa simenti m'chipinda chozizira kuposa zonse, kapaketi ka yisiti kokha mukaike mu fuliji, ndipo mudikire mwera. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yomwe nyengo ya kuno imagwirizana ndi kapepala kaja popanda inu kuvutika. Ngati deti silikufika, kapena mtima sukulola, ikani ndowa m'beseni lalikulu la madzi, muikulunge ndi thaulo lonyowa lomwe nsonga zake zikukhudza madziwo, pamalo podutsa mphepo. Madzi akamauma pathaulo amachotsa kutentha, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Masiku asanu oyamba muziponya m'beseni mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi masana. Ndi ntchito yolera khanda, koma imatheka.

Tsopano za amayi anu. Luso lawo ndikulilemekeza, ndipo n'zoona kuti ntchito ya yisiti ndi imodzimodzi: kusandutsa shuga kukhala mowa ndi mpweya. Kusiyana kwake n'kwakuti masese amamwedwa akuwirabe, m'masiku ochepa, ndipo kuwawasa pang'ono ndiko kukoma kwake. Vinyo amakhala masabata anayi mpaka asanu ndi atatu asanalowe m'botolo, kenako miyezi ali m'botolomo. Kachilombo kalikonse komwe kalowa tsiku loyamba kali ndi nthawi yokwanira yosandutsa malita 23 onse kukhala viniga. N'chifukwa chake kutsuka kokha sikukwanira. Chilichonse chokhudza vinyo, kaya ndi ndowa, chipande, payipi kapena manja anu, chitsukidwe kenako chiviikidwe m'madzi a metabisulphite, mankhwala a ufa oteteza ku tizilombo. Chipande chamtengo chomwe amatakasira nsima chisayandikire. Ndipo tintchentche tating'ono tija timazungulira mango owola ndi tomwe timanyamula tizilombo ta viniga, choncho ndowa isakhale yosavundikira ngakhale kwa mphindi zochepa.

Chigubu cha mafuta ayi. Mafuta amalowerera m'pulasitiki, mungatsuke kangati fungo limabwerera, ndipo kukula kwake n'kwa malita 20 pamene inu mukufuna malo a malita 23 ndi ena a thovu. Chomwe munali petulo kapena mankhwala a m'munda musachiganizire n'komwe. Gulani ndowa yatsopano yoyera ya malita 30 yokhala ndi chivundikiro, ndi chigubu china chatsopano chokamwa pang'ono chosamutsiramo. Airlock, kachipangizo kotulutsa mpweya koma osalola wina kulowa, mungathe kupanga nokha: boolani chivundikiro, lowetsani kapayipi, matani bwino m'mbali, nsonga inayo muimize m'botolo la madzi. Kutseka ndowa kotheratu ndiko kuitana zija zinandichitikira ine.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani kuti mwana wanu akutumizireni, kapena wina wobwera kuchokera ku Johannesburg akutengereni, ndi hydrometer. Ndi kagalasi koyandama koyezera shuga. Musanathire yisiti kamawerenga pakati pa 1.080 ndi 1.100. Vinyo akatha kuwira kamatsika kufika pa 0.996 kapena kutsikirapo, n'kukhala pomwepo masiku awiri kapena atatu otsatizana. Ndikadakhala nako chaka chija ndikadaona kuti shuga akadalipo. Kamakuuzaninso mphamvu ya vinyo: chotsani nambala yomaliza pa yoyamba, muchulukitse ndi 131. Kuchoka pa 1.090 kufika pa 0.995 ndiye kuti muli ndi maperesenti 12 ndi theka, pafupifupi. Kusiya kutuluka kwa thovu si umboni, aphunzitsi. Lembani manambala m'kope ngati malikisi a ana.

Madzi osungunulira manyuchi aja akhale oti inu mumawamwa mokondwa. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo mudzaumva m'botolo lililonse. A pampopi ngati akununkha kolorini, aphitseni n'kuwasiya azizire. Musaonjezere madzi kupitirira malita 23 pofuna kuchulukitsa mabotolo, ndipo musaonjezere shuga pofuna kuti akhale waukali. Tili pafupi ndi Dwangwa, shuga sasowa, mayesero alipo, koma amene anakonza madzi a mphesawo anayeza kale shuga ndi kuwawasa kwake.

Timapaketi tija titsateni monga mwa manambala ake. Bentonite ndi dothi lapadera lomwe limakoka zinyalala kuti zikhale pansi. Ngati muli tizidutswa ta mtengo wa oak, ndi tokometsera. Metabisulphite amateteza vinyo ku tizilombo ndi mpweya, koma musanunkhize ufa wake, makamaka ngati muli ndi mphumu. Sorbate sapha yisiti, amangoiletsa kuswana, choncho kumuthira m'vinyo asanathe kuwira n'kungotaya. Tomaliza ndi toyeretsera. Musanathire timeneti muyenera kutakasa mwamphamvu, mobwerezabwereza, mpaka mpweya wonse utuluke. Ambiri amatopa msanga apa, vinyo n'kukana kuyera. Posamutsa gwiritsani ntchito payipi, osapendeketsa ndowa, kuti nsenga zitsale pansi.

Malita 23 ndi mabotolo 30 a mamililita 750. Yambani kutolera panopa. Ine ndinkapempha ku malo ogona alendo ku Senga Bay, nanunso kwanuko malo otere alipo m'mbali mwa nyanja. Sankhani a zotsekera zopota kuti musavutike ndi makina okhomera zotsekera za cork. Mukadzaza, vinyo wofiira mumusiye miyezi itatu pamalo amdima. Wa sabata yoyamba amakhala wokhakhala pakhosi ndipo mudzaganiza kuti mwalephera.

Munafunsanso m'munsi mwa kalata ngati mungagulitseko pang'ono. Kugulitsa mowa kumafuna laisensi pansi pa Liquor Act, komanso chakumwa chopita pamsika chimayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards. Imeneyo ndi nkhani ina. Kutcheza vinyo wolephereka kuti asanduke kachasu nakonso ayi.

Za mango ndi chidede, zomwe ndikudziwa kuti muyamba kuziganizira mukangoona ndowa ili chabe, mudzandilembere mukatsegula botolo loyamba. Mukayamba pa 10 Juni, mudzathira m'mabotolo chakumapeto kwa Julayi, ndipo loyambalo lidzakhala lokonzeka Okutobala wa chaka chamawa. Mudzaliike kaye m'madzi ozizira mphindi 20 musanatsegule.