Chingwe chokokera ndege yopanda injini chikaduka

Achimwene, mukuda nkhawa kuti mwana wanu akufuna kukwera ndege yopanda injini, imene imakokedwa pachingwe ndi ndege ina ya injini kuti inyamuke. Mwana wanuyo muloleni akwere, kuduka kwa chingwe kumene mukuopako si ngozi yaikulu. Chingwecho chimakhala cha mamita 50 mpaka 60, ndipo amalumikizapo dala kachitsulo kofooka kuti kaduke mphamvu ikapyola muyeso. Oyendetsa ndege zonse ziwiri ali ndi pomasulira chingwecho. Ndege yopanda injini ikasiyidwa imangoyandama. Ngati ikadali pafupi ndi nthaka, amaitsitsira kutsogolo komweko osayesa kukhota.

Choopsa chenicheni n'china. Ya m'mbuyo ikakwera kwambiri kuposa yokokayo, imainyamula mchira, mphuno n'kuloza pansi. Zimachitika m'masekondi ochepa, ndipo wovulala amakhala wa kutsogolo. Ine pophunzira ku South Africa mphunzitsi ankandibwerezera tsiku ndi tsiku kuti ndege yokukoka ikangosowa m'maso, masula pomwepo. Ndinamasulapo kawiri, manyazi ndithu, koma tonse tinatera bwino.

Kumbukiraninso kutentha kwa kuno. Chileka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 780, ndipo mu Okutobala mpweya umapepuka, injini imakoka mwaulesi, ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Musanalipire, kambiranani ndi mphunzitsi wovomerezeka, akuonetseni chiphaso chake ndi mapepala a ndege zonse ziwiri.