Rosolino anatenga bwanji golide wa medley ku Sydney?

Bambo wina watilembera imelo kufunsa kuti: "Massimiliano Rosolino ndinkamudziwa ngati katswiri wa freestyle. Nanga zinatheka bwanji kuti apambane 200m medley pa Olimpiki?"

Zikomo bambo. Rosolino, wosambira wa ku Italy, anabadwira ku Naples mu 1978, bambo ake a ku Italy, mayi ake a ku Australia. Ku Sydney mu 2000 anatenga mendulo zitatu: siliva pa 400m freestyle kumbuyo kwa Ian Thorpe, buronzi pa 200m freestyle, ndi golide pa 200m medley m'nthawi ya 1:58.98, Tom Dolan wa ku America akubwera wachiwiri. Chaka chotsatira ku Fukuoka, m'dziko la Japan, anapambananso 200m medley pa mpikisano wa dziko lonse. Choncho sikunali kugwa m'mbale ayi.

Mu 200m medley munthu amasambira mitundu inayi, mamita 50 uliwonse: butterfly yoponya mikono yonse iwiri pamodzi, backstroke yomwe ndi yosambira chagada, breaststroke yoponda madzi ngati chule, kenako freestyle, yomwe ambiri amasambira chafufumimba mosinthanitsa mikono. Taonani amene ali kumapeto. Pofika pa mamita 150 mikono imakhala yalema, mpweya ukuperewera, ndipo ambiri amayamba kumenya madzi mmalo mowakoka. Munthu wozolowera 400m freestyle amafika pamenepo ali kwawo. Ntchito yake ndi yoti asatsalire kwambiri pa breaststroke, chifukwa ndiyo yochedwa kuposa yonse ndipo mpata umatseguka msanga. Ukatsalira thupi lathunthu pamenepo, ngakhale freestyle yabwino imavutika kukupulumutsa.

Chomwe anthu oonera pa TV sachiona ndi pakhoma. Pomaliza butterfly ndi breaststroke, manja onse awiri ayenera kugunda khoma nthawi imodzi; dzanja limodzi likatsogola, woweruza amakuchotsa mumpikisano ngakhale utafika woyamba. Pomaliza backstroke uyenera kugunda khoma udakali chagada. Ofulumira kutembenuka kuti ayambe breaststroke amagwera pomwepa, phewa likapitirira n'kuyang'ana pansi dzanja lisanafike. Pa butterfly, backstroke ndi freestyle mutu uyenera kutuluka m'madzi usanadutse mamita 15. Ndipo gawo lomaliza, ngakhale dzina lake likunena za ufulu, sililola kubwereza umodzi mwa mitundu itatu ija.

Musasokoneze ndi medley ya anthu anayi olandizana. Kumeneko amayamba ndi backstroke, poti wosambira chagada amayambira m'madzi, ndipo sangalandire mnzake podumpha kuchokera pamwamba.

Kunena zoona, Rosolino sanali yekha. Ku Sydney komweko Domenico Fioravanti anapatsa Italy golide wake woyamba wa Olimpiki pa kusambira, pa 100m breaststroke, ndipo ku Fukuoka Alessio Boggiatto anatenga 400m medley. Mendulo yomaliza ya Rosolino pa Olimpiki inali buronzi ku Athens mu 2004, pa 4x200m freestyle ya olandizana.