Dzira la mayi lilibe centrosome, nanga limagawa bwanji ma chromosome?

Amayi ena amene amaphunzitsa biology kusekondale anditumizira imelo yofunsa kuti, popeza buku lawo limati centrosome (kanthu kakang'ono ka m'selo) ndiyo imamanga spindle (mtolo wa timaulusi wa nsonga ziwiri umene umakokera ma chromosome uku ndi uku selo likamagawikana), dzira la munthu limene amva kuti lilibe centrosome limagawa bwanji ma chromosome ake, timitolo ta DNA tonyamula chibadwa. Aphunzitsi, funso lanuli ndakhala nalo sabata yathunthu osayankha, chifukwa landikumbutsa achemwali anga.

Achemwali anapita padera katatu m'zaka zinayi. Ulendo wachitatu ndinali nawo kuchipatala, ndipo mpaka lero ndimawaona atakhala pabenchi, atafunda chitenje mpaka kumutu, kabuku ka kusikelo kali m'manja, osalankhula ndi munthu. Titafika kumudzi aliyense anali ndi chifukwa chake. Apongozi awo anati ankasenza mitolo yolemera, ena anati anadya zosayenera mayi woyembekezera, ndipo ena ankangonong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Nthawi imeneyo inenso ndinkaphunzitsa, ndipo chaka chilichonse ndinkajambula pabolodi chithunzi cha spindle: timadontho tiwiri, kena uku kena uko, n'kukoka timizere ta choko kuchokera pa timadonthoto kukafika pa ma chromosome amene andanda pakati. Sindinaganizepo zoti chithunzicho chikukhudza misozi ya m'banja mwathu, komanso zoti pa nkhani ya dzira chinali cholakwika.

M'maselo ambiri a thupi, timadontho tija ndi ma centrosome, ndipo timaulusi totchedwa microtubule timamera kuchokera pamenepo. Koma dzira likamakula limataya ma centriole, amene ndi mtima wa centrosome. Daniel Szollosi ndi anzake anasonyeza zimenezi m'mazira a mbewa mu 1972. Mwa anthu, centriole imabwera ndi umuna, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti dzira likanasunga yake, mluza ukanakhala ndi nsonga zochuluka zokokera ma chromosome uku ndi uku. Ngakhale chimanga cha m'munda mwanu chimagawa maselo ake popanda centrosome, choncho buku lonena kuti popanda iyo selo silingagawike likusocheretsa ana, ndipo ndikuona kuti tiyenera kusiya kuliikira kumbuyo ponena kuti likungofewetsa nkhani.

Dzira limamanga spindle ngati mmene woluka dengu amachitira, kuyambira pakati, mkombero n'kubwera pamapeto. Mu 1996 ku Heidelberg, ku Germany, katswiri wina dzina lake Rebecca Heald anamata DNA pa timikanda ting'onoting'ono n'kutiika m'madzi ofinyidwa m'mazira a chule, ndipo spindle ya nsonga ziwiri inadzimanga yokha mozungulira timikandato, popanda centrosome ngakhale imodzi. Chimene chimachitika n'chakuti pa ma chromosome pamakhala puloteni yotchedwa RCC1, imene imadzutsa ina yotchedwa Ran, ndipo Ran imamasula mapuloteni monga TPX2 kuti ameretse timaulusi pafupi pomwepo. Kenako mapuloteni ena oyenda pa timaulusito amatisankha, kutiyalanitsa ndi kumanga nsonga zake pamodzi. Mbewa zili ndi thandizo lina: mu 2007 Melina Schuh ndi Jan Ellenberg anaona timalo tomeretsa ulusi toposa 80 m'dzira limodzi, timene timasonkhana pang'onopang'ono mpaka kupanga nsonga ziwiri.

Dzira la munthu

Mu 2015 Zuzana Holubcová, akugwira ntchito ndi Schuh ku Cambridge, ku England, anajambula mazira amoyo operekedwa ndi amayi amene ankalandira thandizo la kubereka, ndipo anapeza kuti spindle imatenga maola pafupifupi 16 kuti imangike, pamene selo wamba limamaliza kugawikana konse pa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. M'maola amenewo nsonga zimamangika, kumasuka, nthawi zina kukhala zitatu kapena zinayi, ndipo chromosome imatha kugwidwa ndi ulusi wa mbali zonse ziwiri n'kutsalira pakati. Mu 2022 gulu la Schuh ku Göttingen, ku Germany, linasonyeza kuti mazira a anthu ali ndi puloteni ya KIFC1 yochepa poyerekeza ndi a mbewa, ng'ombe ndi nkhumba, ndipo ataiwonjezera, spindle inakhazikika bwino. Dzira liyenera kutsala ndi ma chromosome 23, ndipo imodzi ikasowa kapena kupitirira, kawirikawiri mluza sukula. Pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi itatu yoyamba zimapezeka ndi vuto la ma chromosome, ndipo zambiri mwa zolakwikazi zimachitika dzira likamakhwima, mayi asanadziwe n'komwe kuti adzaima. Palibe mtolo wa nkhuni umene umafika pamenepo. N'chifukwa chake ndimakana mwamphamvu mwambo wokhazika mayi pansi n'kumamufunsa kuti analakwitsa chiyani, chifukwa imeneyo ndi nkhanza yochitira munthu amene ali kale pa chisoni.

Kunena za kalasi lanu, aphunzitsi, pa mayeso ana ayankhe za selo wamba monga mmene silabasi ikufunira. Koma pambali pa chithunzi cha timadontho tiwiri jambulaninso china chopanda timadontho, chimene timizere take tikuyambira pa ma chromosome kupita kunja, ndipo pansi pake mulembe kuti ili ndi dzira la munthu, ndi kuti ntchitoyi imalitengera maola 16.