Besi ya nitro kapena ya poly: yankho kwa mbale wa ku Salima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina amene amaimba besi kutchalitchi kwawo ku Salima, ndipo Loweruka lililonse amakhala ali ku ukwati ndi bandi. Wasunga ndalama kwa zaka ziwiri, ndipo alamu ake amene ali ku Johannesburg amupezera mabesi awiri ogwirapo kale ntchito, onse a Fender Jazz Bass. Ina inapakidwa penti wa nitrocellulose (mwachidule nitro), inayo penti wa polyurethane (poly). Ya nitro ndi yokwera mtengo, ndipo wogulitsa akuti imalira bwino chifukwa thabwa lake limapuma. Funso lake ndi lakuti: awonjezere ndalama, kapena atenge yotsikayo?

Achimwene, tengani ya poly. Ndikunena izi ngakhale ineyo penti wa nitro ndimamukonda kwambiri, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Nitrocellulose amamupanga kuchokera ku thonje lomweli limene mumalima ku Salimako, atalithira asidi, kenako n'kulisungunula mu thina. Kampani ya DuPont ku America ndi imene inamutchukitsa m'zaka za m'ma 1920 pa dzina lakuti Duco, ndipo sanapangire magitala ayi, anapangira magalimoto, chifukwa penti wakale ankatenga masabata kuti aume. Pamene Leo Fender, amene anayambitsa kampani ya Fender, ankatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960, anangotenga penti amene ankapezeka pamsika nthawi imeneyo. Ngakhale mitundu yotchuka ija inachokera ku magalimoto: Fiesta Red unali mtundu wa Ford, Sonic Blue wa Cadillac. Panalibe amene anakhala pansi n'kumamvetsera kuti penti uti akulira bwino. Kampani ya CBS itagula Fender mu 1965, patangopita zaka zochepa, cha m'ma 1968, fakitale inasamukira ku poly chifukwa amauma msanga ndipo saperepeseka msanga.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kaumidwe. Nitro amauma thina akauluka, basi. Palibe chimene chasintha m'kati mwake, moti mukamuthira thina kapena acetone (mankhwala ena osungunulira penti) lero, patapita zaka 50, amasungunukanso. Wopaka amawaza timagawo topyapyala kambirimbiri, gawo lililonse n'kumalowerera mu linzake, kenako amadikira masabata angapo asanapukute kuti awale. Poly amauma mosiyana: amasakaniza mankhwala awiri, amagwirana, n'kukhala pulasitiki wolimba amene sabwereranso m'mbuyo. Pamenepa ndiwonjezere kuti anthu akamati poly amaphatikiza zinthu ziwiri, polyurethane ndi polyester. Polyester ndi uja wochindikala, wowala ngati galasi, amene Fender ankamata kwambiri m'zaka za m'ma 1970 mpaka besi kumaoneka ngati yaviikidwa mu uchi. Mbiri yoipa ya poly inachokera kumeneko. Polyurethane wa masiku ano amatha kumupaka mopyapyala bwinobwino.

Tsopano nkhani ya kupuma kwa thabwa. Thabwa la besi linadulidwa, linaumitsidwa, ndipo silipuma. Komanso, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Fender ankayamba wapaka mankhwala olimba otseka timabowo ta thabwa, otchedwa Fullerplast, nitro n'kubwera pamwamba pake. Mabesi ambiri akale amene anthu amawatamandawo anali otsekedwa kale pansi pa nitroyo. Pa gitala yopanda magetsi, imene thabwa lake lopyapyala la pamwamba ndi limene limatulutsa mawu, kuchindikala kwa penti kumamveka ndithu. Koma besi yamagetsi ndi chipika cholemera, ndipo mawu ake amachokera ku nsambo zachitsulo zikamanjenjemera pamwamba pa maginito a pickup, kachipangizo kamene kamatola mawuwo n'kuwatumiza ku ampu yokuzira mawu. Ndayesapo kuimba mabesi a mitundu yonse iwiri pa ampu imodzi, ndipo kusiyana kumene ndinamva kunatha titangoika nsambo zofanana ndi kukweza ma pickup mofanana. Nsambo zatsopano, kutalika kwa nsambo kuchokera pa neki (khosi la besi), malo amene chala chanu chikukhudza, sipika imene mwalumikiza: chilichonse mwa izi chimasintha kaliridwe kuposa penti. Muholo ya ukwati yofolera malata, ng'oma zikulira, kiyibodi ili pamwamba, palibe khutu limene lingakuuzeni kuti besi iyi ndi ya nitro.

Nanga ndimamukonderanji? Ndi m'manja. Neki ya nitro imene yaimbidwa zaka zambiri imaperepeseka pamene chala chachikulu chimadutsa, n'kukhala yosalala ngati mpini wa khasu la agogo. Pamene mkono umatsamira penti amatha pang'onopang'ono, thabwa n'kuyamba kuonekera. Zoyera zimasanduka zachikasu ngati batala. Timing'alu ting'onoting'ono ngati ulusi wa kangaude timayamba kuyenderera pathupi lonse. Besi imakalamba pamodzi ndi mwini wake, ndipo mukaiona mumadziwa mmene munthuyo amaigwirira. Gibson, kampani ina yopanga magitala, mpaka lero amapaka nitro magitala ndi mabesi ake opangidwa ku America, ndipo Fender amachita chimodzimodzi pa mitundu ina yotsanzira zakale ngati American Vintage ndi Road Worn. Kudula kwake n'kwa ntchito ndi nthawi, komanso chifukwa utsi wake ndi woopsa ndipo umayaka moto msanga, moti fakitale imafunika zipangizo zapadera.

Koma kufewa komweko ndi kumene kungakulizeni. Ndinaziona ndi maso anga pa besi ya mnzanga amene tinkaimba naye. Tinaisiya pa sitandi wamba, ija yokhala ndi labala wakuda, kuyambira Lamlungu mpaka Lachinayi, m'chipinda chotentha cha kuseri kwa tchalitchi. Pobwera kudzayeserera anainyamula, ndipo inachita kumatuka ngati chingamu. Kuseri kwa neki, pafupi ndi mutu, kunali mizere iwiri yakuda yolowa m'kati, yonata, ndipo pansi pa thupi panali zipsera zina ziwiri. Anapukuta ndi malaya ake, koma labala anali atalowerera mu penti. Anakhala pa benchi osayankhula kwa nthawi yaitali, besi ili pamiyendo. Mankhwala amene amafewetsa labala ndi pulasitiki wina amadya nitro. Lamba wa besi wa chikopa chabodza, mukamusiya atagona pathupi m'kati mwa kesi, amachita zomwezo.

Ndiye ganizirani moyo wanu. Ku Salima mwezi wa October dzuwa limachita kuswa mtengo. Besi ikukwera minibasi kapena kumbuyo kwa lole pamodzi ndi masipika. Mukuimba maola anayi, asanu, thukuta lili kamukamu, ndipo nitro akatenthedwa ndi kunyowa amayamba kunata m'manja, makamaka akakhala watsopano. Madzulo kunyanja udzudzu wayamba, mwadzola mankhwala othamangitsa udzudzu m'mikono. Ambiri mwa mankhwala amenewa amakhala ndi DEET, ndipo DEET amasungunula nitro, kusiya chidindo cha mkono wanu pabesi. Perefyumu, sanitaiza, mowa umene wina wataya pa siteji, zonsezi zimasiya mabala. Ndipo kutchalitchi besi siikhala ya munthu mmodzi: pali achinyamata amene akuphunzira, amene adzaitola inu mutatuluka. Poly zonsezi sizimukhudza. Mumangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, yabwerera mwakale.

Poly ali ndi vuto lake, sindibisa. Besi ikagwa pa simenti, amakhadzuka ngati mbale yadothi, n'kusiya dzenje la m'mbali mwakuthwa. Kukonza kuti pasaoneke n'kovuta chifukwa penti watsopano salowerera mu wakale. Ambiri timangodonthezapo supagulu kuti pasapitirire. Nitro mmisiri wodziwa amatha kumukonza mpaka chipsera kutha, koma pamafunika pentiyo, mfuti yowazira ndi munthu amene anazolowera ntchitoyo. Vuto lina la poly ndi la neki yowala kwambiri imene imagwira chikhatho mukatuluka thukuta. Limeneli ndi losavuta: tengani kasiponji kotuwa ka Scotch-Brite kapena sandipepa wosalala kwambiri, yendetsani mopepuka kuseri kwa neki kangapo, kuwala kuchoke. Musagwiritse sitiliwulu pafupi ndi ma pickup, chifukwa tizitsulo take timakamatira ku maginito.

Chinthu china musanatumize ndalama. Mawu akuti nitro amakweza mtengo, ndiye ogulitsa ena amawatchula mosavuta. Alamu anu apemphe nambala ya besiyo ndi dzina la mtundu wake, muone pa intaneti ngati mtunduwo unapakidwadi nitro. Ngati mwini wake alola, pali njira yoyesera: kathonje konyowetsa ndi acetone, kukhudza malo obisika, monga pansi pa pulasitiki woteteza thupi la besi kutsogolo. Nitro amafewa nthawi yomweyo, poly sasintha. Koma zofunika kwambiri kuti akaone ndi zina: neki ndi yowongoka? Chitsulo cha m'kati mwa neki chikutembenuka mbali zonse? Mafureti, tizitsulo topingasa pa neki, sanadyeke? Mabatani sakukhwekhwereza akamapotokola? Besi ya poly ya neki yabwino imaposa kutali ya nitro ya neki yopindika, ndipo ngati zitapezeka kuti yotsika mtengoyo ndi imene ili ndi vuto la neki, pamenepo yankho langa lisintha.

Ngati mtima wanu wakakamirabe pa ya nitro, sindikuletsani, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira ukaigwira koyamba. Kutani labala wa sitandi ndi nsalu ya thonje, chotsani lamba musanatseke kesi, sambani m'manja mukadzola mankhwala a udzudzu, ndipo mukaichotsa pamalo otentha kulowa m'chipinda chozizira, isiyeni m'kesi kwa kanthawi musanatsegule, chifukwa kusintha kwadzidzidzi ndi kumene kumang'ambitsa penti.

Koma kwa inu, ndi ntchito imene mwandifotokozera, ndalama yotsalayo igwire izi: kesi yolimba yoti ipirire msewu wa ku Johannesburg mpaka kwanu, mapaketi awiri a nsambo zabwino popeza kuno zimavuta kupeza, ndi chingwe chodalirika. Besiyo ikafika ndilembereninso, tidzakambirane za kusintha kutalika kwa nsambo kuti zigwirizane ndi dzanja lanu.