Sitima siima ngati minibasi ya pa Kamwendo

Mnyamata wina wa ku Mchinji wandilembera imelo. Akuti anaika Train Sim World, masewera oyendetsa sitima, pa kompyuta ya mkulu wake, ndipo akuyendetsa sitima ya magetsi ya Class 314 pa njanji ya Cathcart Circle mumzinda wa Glasgow ku Britain. Funso lake: "Bwanji ndimangopitirira masiteshoni? Ndikamanga mabuleki msanga ndimaima kutali ndi anthu, ndikachedwa ndimakaima kutsogolo. Kodi vuto ndi kiyibodi?"

Achimwene, kiyibodi ilibe mlandu. Vuto ndi maso amene tinakula nawo pa msewu wa M12. Tinazolowera dalaivala wa minibasi amene akaona munthu wakweza dzanja pa Kamwendo amaponda buleki pomwepo, galimoto n'kuima. Tayala la raba limagwira phula. Koma gudumu la sitima ndi chitsulo, njanji nayo chitsulo, ndipo pamene zimakhudzana m'pang'ono ngati kandalama kachitsulo. Sitima imatenga mtunda kuti iime. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umachuluka kanayi. Ngati pa 20 mph (mamailosi 20 pa ola) mumaima mu mamita 60, pa 40 mph mudzafunika mamita 240. Kumbukiraninso kuti ku Britain amawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, choncho 40 imene mukuona pa geji ndi 64 yakwathu.

Ndiye mukamadikira kuona anthu pasiteshoni kuti mumange mabuleki, mwachedwa kale. Chofunika n'kudziwa njira pamtima. Ine ndili ndi kope lakale la sukulu pambali pa kiyibodi, ndipo ndimalembamo chizindikiro cha siteshoni iliyonse: mlatho, khoma, mtengo wa nyali. Ulendo woyamba mangani mabuleki pa mlathowo. Mukaima mofupika, ulendo wachiwiri dikirani mpaka mudutse mlatho. Pakutha pa maulendo anayi kapena asanu dzanja limayamba kuyenda lokha. Mangani kamodzi mwamphamvu ndithu, liwiro likatsika muzimasula pang'onopang'ono, kuti poima mukhale pa sitepe yoyamba ya buleki. Mukamamanga n'kumasula, kumanganso n'kumasulanso, anthu oimirira m'mabogi akanakhala enieni akanagwerana.

Pa njira imeneyi masiteshoni ndi oyandikana. Kuchoka pa Queens Park kufika pa Crosshill ndi kamtunda kakafupi kwambiri, moti palibe chifukwa chokokera mphamvu mpaka mapeto. Ikayamba kuthamanga, chotsani mphamvu, iziyenda yokha. Sitima imatsetsereka mtunda wautali osataya liwiro, ndipo kwa ine apa m'pamene pamakoma kwambiri, pamene phokoso la mota lazilala n'kungotsala magudumu pa njanji.

Yatsaninso AWS, chipangizo chochenjeza woyendetsa za nyali zowongolera masitima, ngakhale idzakuvutani masiku oyamba. Pafupifupi mamita 180 musanafike pa nyali pamakhala maginito pakati pa njanji. Nyali ikakhala yobiriwira mumamva kabelu. Ikakhala yachikasu kapena yofiira hutala imalira, ndipo muli ndi masekondi awiri okha kuti muyankhe podina Q pa kiyibodi, apo ayi sitima imadzimanga mabuleki yokha. Chikasu chimodzi chimatanthauza kuti nyali yotsatira ndi yofiira. Yambani kutsika liwiro pomwepo.

Inu a ku Mchinji muli ndi mwayi umene ife ena tilibe, njanji ili pakhomo. Yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pamene ya ku Glasgow ndi 1,435, ndipo imayendera dizilo. Chigawo chopita ku Chipata chinatsegulidwa mu 2010. Tsiku limene mudzaone sitima ya katundu ikubwera, imani patali ndi njanji mumvetsere pamene woyendetsa wayamba kumanga mabuleki, kenako muone kumene yakaima.

Za kuchedwa musadandaule nazo panopa. Mukapitirira siteshoni mumataya nthawi yambiri kuposa amene walowa mwapang'onopang'ono. Yendani njira imodziyi sabata yonse, nyengo ili youma. Mukayamba kuima pamalo pake kasanu motsatizana, ikani mvula, ndipo zizindikiro zonse za m'kope mwanu muzibweze m'mbuyo, chifukwa njanji yonyowa imaterera.