Mimba ikukula koma mulibe mwana

Mayi wina wa ku Chawama, mu Lusaka, wandilembera kuti akusamba masiku 9, mimba yatupa, koma akayezetsa akupezeka kuti alibe pakati. Akufunsa ngati ndi mafaibroidi, zotupa za m'chiberekero. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga misozi ikulengeza.

Inenso ndinali ndi mafaibroidi, ndinapirira zaka zitatu. Tsiku lina ndikutsika minibasi pa Kulima Tower, mayi amene anakhala kumbuyo kwanga anandikoka dzanja, n'kumasula chitenje chake, kundimanga m'chiuno osanena kanthu. Mpando unali utafiira, chonsecho ndinavala mapadi awiri ndipo ola linali lisanathe. Kutchalitchi amayi ankandisisita pamimba n'kumati "Mulungu wayankha," ine kumangomwetulira mumtima mukuwawa. Dothi lija amagulitsa kumsika wa Soweto ndinkalidya tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti chilakolakocho chinkabwera chifukwa magazi anali atachepa m'thupi. Kukwera masitepe pang'ono, befu. Kuweramuka pochapa, chizungulire.

Azakhali anga ankangoti, "Mkazi amalimba mtima, kumwezi n'kowawa kale." Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero. Magazi oundana ngati zidutswa za chiwindi si umayi ayi! Kuchinamwali amatilangiza zosamalira banja usiku wonse, koma palibe amatiuza kuti msambo wopitirira masiku 7 ndi nkhani ya kuchipatala. Ndiye pali awa ogulitsa mabotolo pa Facebook, ati mankhwala osungunula zotupa. Ndinamwa anayi. Ndalama zinapita, chotupa chili pompo. Amenewa akudyera masuku pamutu amayi amantha.

Mantha aakulu ndi a khansa. Mafaibroidi si khansa. Ndi zotupa za mnofu wa chiberekero, zina zazing'ono ngati nyemba, zina zimafika ngati dzungu. Zimakula ndi mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo, n'chifukwa chake zimakonda kufota mayi akasiya kusamba. Ife akazi akuda zimatigwira kwambiri, tikadali achichepere, ndipo ambiri amabereka bwinobwino ali nazo.

Zizindikiro zina

Chotupa chikatsamira chikhodzodzo, mumakodza pafupipafupi. Ine ndinkadzuka kanayi usiku. Chikakankha matumbo mumadzimbidwa. Msana ndi m'chiuno zimawawa, m'munsi mwa mchombo mumalemera, ena amamva kupweteka akakhala malo amodzi ndi abambo. Ena samva chilichonse.

Koma achemwali, pakalata pokha sindingakuuzeni kuti ndi zimenezi, poti matenda ena a chiberekero amayambanso chomwechi. Pitani kuchipatala cha Chawama Level One mukapemphe sikani ya m'mimba ndi kuyezetsa kuchuluka kwa magazi. Pakafunika akutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH. Lembani m'kope masiku amene mwasamba ndi mapadi amene mukusintha, mukaonetse dokotala. Si onse amachitidwa opaleshoni. Alipo mapiritsi ochepetsa kutaya magazi ndi owonjezera magazi, ndipo ine anandichotsa zotupa zokha, chiberekero n'kuchisiya. Ngati padi ikudzadza ola lililonse ndipo mukuona chidima m'maso, musadikire Lolemba, nyamukani lero.