Zabbix yalowa bwinobwino koma seva yake sikuyenda: yankho kwa owerenga

Mmodzi mwa owerenga anditumizira imelo yofotokoza vuto limene lawasowetsa mtendere. Iwo akuti anaika Zabbix pa kompyuta ya Rocky Linux pamodzi ndi database ya MariaDB n'cholinga choti aziona mmene ma router, ma switch ndi maseva a kuntchito kwawo akugwirira ntchito. Tsamba la Zabbix likutseguka ndipo akutha kulowamo, koma pali uthenga wosachoka wakuti "Zabbix server is not running", ndipo palibe chilichonse chimene pulogalamuyo ikusonkhanitsa. Anaichotsa n'kuiikanso, koma zinthu zili chimodzimodzi. Tsono akufunsa ngati kuli bwino kufufuta zonse n'kuyambiranso.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Chonde musafufute kanthu, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mbali yaikulu ya ntchito munaigwira bwino. Zabbix ili ndi zigawo zitatu zoima pazokha: pali tsamba lolembedwa mu PHP limene mumaliona pa browser, pali database yosunga zonse, ndiye pali seva yake, pulogalamu yotchedwa zabbix_server, imene imafunsa zipangizo za pa netiweki n'kumalemba zimene yapeza. Tsamba ndi seva zimalankhula ndi database iliyonse payokha, ndipo iliyonse imawerenga mawu achinsinsi kuchokera mu fayilo yakeyake. Pamene munkayankha mafunso a pa browser tsiku loyamba, mawu achinsinsi amene munalemba anasungidwa mu /etc/zabbix/web/zabbix.conf.php, ndipo seva siyang'ana n'komwe mu fayilo imeneyi. Iyo imawerenga /etc/zabbix/zabbix_server.conf basi. N'chifukwa chake tsamba limatha kutseguka mokongola pamene seva ili chiimire pakhomo, database itaikaniza kulowa.

Apa mukutha kuona chifukwa chake kuikanso pulogalamu sikunathandize. Ngati fayilo ya seva simunaikhudze, kuikanso kunangobweretsa fayilo yofanana ndi yoyamba ija, momwe mzere wa DBPassword, wolembapo mawu achinsinsi a database, udakali ndi chizindikiro cha # kumayambiriro kwake, kutanthauza kuti seva imaudumpha.

Komabe sindikufuna kuti musinthe kanthu pongodalira maganizo anga, popeza seva imalemba yokha chimene chikuivuta. Lembani lamulo la systemctl status zabbix-server, kenako tail -n 50 /var/log/zabbix/zabbix_server.log kuti muone mizere 50 yomaliza ya log, fayilo imene seva imalembamo zimene zikuchitika. Musakhutire ndi lamulo loyambalo palokha, chifukwa seva ikalephera kufikira database imatha kumangodikira n'kumayesanso pakapita masekondi 10 aliwonse, ndipo pa nthawi yonseyi systemctl sionetsa chifukwa chenicheni. Mu log ndi momwe muli nkhani yonse. Mukaona mzere wokhala ndi Z3001, nambala 1045 ndi mawu akuti "Access denied for user", dziwani kuti MariaDB yakana dzina kapena mawu achinsinsi. Werengani mpaka kumapeto kwa mzerewo. Ngati akuti "using password: NO", ndiye kuti seva sinatumize mawu achinsinsi alionse, ndipo vuto ndi chizindikiro cha # chija, chimene muyenera kuchichotsa. Ngati akuti "using password: YES", ndiye kuti mawu anatumizidwa koma ndi olakwika. Zikatero yesani kulowa nokha ndi lamulo la mysql -u zabbix -p zabbix, ndipo mawu amene akulolani kulowa ndi amene muwalembe pa DBPassword, opanda zizindikiro zogwira mawu mbali ndi mbali, chifukwa seva imazitenga ngati gawo la mawu achinsinsiwo. Nambala ikakhala 2002, nkhani si ya mawu achinsinsi ayi: seva sikuipeza MariaDB, ndipo kawirikawiri zimakhala kuti MariaDB yeniyeniyo sinayatsidwe. Mukakonza, lembani systemctl restart zabbix-server n'kuwerenganso log.

Pali uthenga wina umene umadabwitsa anthu amene anazolowera Zabbix yakale. Kuyambira pa Zabbix 6.0, seva imakana kuyamba ikapeza kuti database ndi ya mtundu (version) umene opanga Zabbix sauvomereza, ndipo imanena zimenezi momveka mu log. Pali mzere wa AllowUnsupportedDBVersions=1 umene umaikakamiza kuyamba, koma ine ndimaona kuti umenewu ndi woyesera chabe. Pulogalamu imene mukuidalira kuti ikudzutseni usiku netiweki ikagwa siyenera kukhala pa database yokayikitsa, choncho ndi bwino kuika MariaDB ya mtundu wovomerezeka.

Tsopano tiyerekeze kuti log ndi yoyera, seva yayamba, koma uthenga uja sukuchoka pa tsamba. Tsamba limadziwa kuti seva ili moyo poigogoda pa port 10051. Lembani ss -ltnp | grep 10051, ndipo ngati mwaona zabbix_server ikumvetsera pamenepo, ndiye kuti chilipo chimene chikutchinga pakati pa ziwirizi. Pa Rocky Linux, AlmaLinux ndi Red Hat Enterprise Linux, wotchinga nthawi zambiri amakhala SELinux, mbali yachitetezo ya Linux, chifukwa salola Apache, pulogalamu yoonetsa tsamba lija, kulumikizana ndi port imeneyi popanda chilolezo. Lamulo la getenforce likayankha kuti Enforcing, yang'anani mawu akuti "denied" mu /var/log/audit/audit.log, kenako perekani chilolezocho ndi setsebool -P httpd_can_connect_zabbix on. Onetsetsaninso kuti phukusi la zabbix-selinux-policy munaliika. Mudzapeza malangizo ambiri okuuzani kuti muzimitsiretu SELinux, ndipo ndikukupemphani kuti musawatsatire. Kompyuta yoyang'anira netiweki imasunga maadiresi a zipangizo zanu zonse pamodzi ndi mawu achinsinsi a SNMP, njira imene Zabbix imafunsira zipangizozo, kotero munthu woipa akailanda amakhala kuti waona netiweki yanu yonse. Ngati mukufuna kutsimikiza kuti wolakwa ndi SELinux, lembani setenforce 0 kwa mphindi zochepa, onani ngati uthenga wachoka, kenako bwezerani ndi setenforce 1 musanachite china chilichonse.

Uthenga ukachoka, mwina mudzaona kuti kachizindikiro ka ZBX ka kompyuta ina ndi kofiira. Limeneli ndi vuto la agent, kapulogalamu ka Zabbix koikidwa pa kompyuta yoyang'aniridwayo. Agent imamvetsera pa port 10050 ndipo imayankha adiresi yokhayo yolembedwa pa mzere wa Server mu fayilo yake, choncho onani mzere umenewo komanso firewall ya kompyuta imeneyo. Ndipo ngati mukulowabe ndi dzina la Admin ndi mawu achinsinsi akuti zabbix, amene amabwera ndi pulogalamuyi, asintheni lero lomwe musanayambe kulembetsa zipangizo zanu.